Bambo a Dolika Akana Kufa

Sendezani chitsa icho pamoto, ndipo amene ali ndi foni m'thumba aizimitse kaye. Nkhani iyi siyenda bwino foni ikamalira.

Kuseri kwa mapiri a ku Ntchisi, m'mudzi wa Kanyerere, munali mayi wina dzina lake Nankhoma. Mwamuna wake, a Barnaba Kachingwe, anali wa mpingo wina wa mikanjo yoyera umene sulola mankhwala. Kwa iwo piritsi linali tchimo, jakisoni ndiye musanene. Mumpingomo munalinso lamulo lina loti wokhulupirira safa, amangogona. Mawu oti "wamwalira" sankatuluka pakamwa pa munthu, ngakhale pamaliro penipeni.

A Kachingwe anali nkhutukumve yeniyeni. Pa zaka khumi ndi zinayi za ukwati, mawu amene Nankhoma anawamva kwambiri anali "ayi". Mwana wawo mmodzi yekhayo, Dolika, anabadwa ndi mtima wovuta. Akathamanga pang'ono milomo inkada, n'kukhala pansi akupuma mwabefu. Nankhoma akati tipite naye kuchipatala, bambowo ankangoti, "Tipemphera." Anapemphera zaka zisanu ndi zinayi, mwana akungofota.

Mu Febuluwale malungo anawagwira eni akewo. Anali malungo wamba, amene mankhwala ake amaperekedwa ulere pachipatala chaching'ono, ulendo wa ola limodzi wapansi. Anakana. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anatsirizika pamphasa, mkazi wawo atawagwira mutu.

Bambowo anali ndi kafoni kakale, komanga ndi mphira yofiira kuti batire isagwe. Kankatha moto msanga, moti madzulo aliwonse ankapita kukakatchaja. Sankalola munthu kukagwira. Kakalira iwo ali kubafa, kankalira mpaka kutopa, Nankhoma akungokayang'ana. Tsono poika maliro, achibale anakumbutsana mwambo woti chinthu chimene munthu anachikonda kwambiri chipite naye, kuopa kuti angabwerere kudzachifuna. Anafunsa mkaziyo.

"Ikani m'thumba mwawo," anatero Nankhoma. "Apite nako."

Ngakhale tsiku limenelo sanakagwire. Mlamu wake ndiye anakaika m'thumba la mkanjo, bokosi n'kutsekedwa.

Sabata yotsatira Nankhoma anabereka Dolika kumsana, mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, mpaka kuchipatala. Kumeneko anamutumiza kuchipatala chachikulu cha mumzinda. Madokotala anapukusa mitu, anamukalipira chifukwa chochedwa, iye n'kulandira kukalipako osatchula dzina la munthu. Kenako anamuuza nkhani yabwino. Boma linali kutumiza ana angapo ku India kukachitidwa opaleshoni ya mtima, ndipo Dolika analembedwa. Chofunika chinali pasipoti, ifike kwa iwo mwezi wa Epulo usanathe. Akachedwa, malo apita kwa mwana wina, ndipo mtima wa Dolika sukanadikira ulendo wa chaka chamawa.

Nthawi imeneyo boma linali litathetsa mafomu a mapepala. Anatiuza pawailesi kuti mizere yatha, zonse zili pa intaneti, boma lili m'manja mwanu. Ankauza anthu amene netiweki amaipeza atakwera pachulu. Komabe pamsika wa Nkhwidzi anaikapo kachipinda ka kompyuta, ndi kalaliki wothandiza anthu, Mayi Gondwe, munthu wamagalasi wosakonda kuseka.

"Pasipoti ya mwana imafuna makolo onse awiri adinde chala," anatero Mayi Gondwe. "Bambo ake ali kuti?"

"Anatisiya mu Febuluwale."

"Ndiye tiyambe ndi satifiketi ya imfa. Kalata ya amfumu muli nayo?"

Nankhoma anaipereka. Mayi Gondwe anaijambula, analemba mayina, kenako anafotokoza. Kunali anthu ena adyera amene ankapha abale awo amoyo pa kompyuta kuti alande minda. Ndiye makinawo anakonzedwa kuti azitumiza kaye uthenga ku nambala ya womwalirayo: "Talandira lipoti loti mwamwalira. Ngati muli moyo yankhani 1." Pakatha masiku atatu popanda yankho, satifiketi imatuluka yokha.

"Foni yawo ili kumanda," anatero Nankhoma.

"Ndiye palibe vuto, mayi. Mubwere Lachinayi."

Lachinayi Nankhoma anafika m'mamawa. Mayi Gondwe anayang'ana pa kompyuta nthawi yaitali, anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Mayi, musatipusitse. Amuna anu ayankha. Ali moyo."

Nankhoma anaseka, poganiza kuti nthabwala zawafikira Mayi Gondwe tsiku limenelo. Koma anamutembenuzira kompyutayo. Panali nambala ya a Kachingwe, yankho lake 1, Lolemba nthawi ya sikisi koloko madzulo.

"Ndinawasambitsa ndine," anatero Nankhoma. "Mudzi wonse unalipo. Kalata ya amfumu ndi iyo."

"Kalata ndaiona. Koma makina akuti ali moyo, ndipo ine sindingatsutsane ndi makina. Batani lotsutsira palibe. Ngati ali moyo, abwere adzadinde chala."

"Ndikawafukule?"

Mayi Gondwe anayang'ana pansi. "Mwina ndi makina asokonezeka. Tiyeni titumizenso."

Anatumizanso. Nankhoma anabwerera mtima ukuwira. Anakafika kwa mlamu wake asanalowe n'kwake komwe, namuloza chala kuti anaba khadi la m'foni asanaike m'bokosi. Mlamuyo analumbira mpaka misozi, ndipo adzukulu awiri okumba manda amene anaona foniyo ikulowa m'thumba anamuikira umboni. Nankhoma anachoka opanda wokalipira, ndipo mkwiyo wopanda mwini ndi umene umapweteka kwambiri.

Masiku amenewo tinthu tinayamba kuchitika. Nkhuku za Nankhoma zinkakana kulowa m'khola madzulo, zinkangounjikana pakhonde. Tchaja ya malemuyo, imene inkapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko, inasowa, msomali n'kutsala wokha. Mayi wina wochokera kuchigayo anati anakumana ndi munthu wa mkanjo woyera panjira ya kumsika chisisira, namupatsa moni, koma munthuyo anangodutsa, ndipo kumbuyo kwake kunatsala fungo la dothi lonyowa ngakhale mvula inali itasiya kalekale.

Lolemba Nankhoma anabwereranso kwa Mayi Gondwe. Yankho linali lomwelo, nthawi yake yomweyo, sikisi koloko madzulo.

Anatuluka osatsanzika. Anakakhala pabenchi ya pometera tsitsi pa a Biziwiki. A Biziwiki anali bambo wachikulire wa sola yaikulu, ndipo theka la mafoni a m'deralo ankatchajidwa pa iwo. Ataona nkhope ya Nankhoma anazimitsa makina ometera, namufunsa chavuta. Iye anafotokoza zonse. A Biziwiki anatseka chitseko cha shopuyo pang'ono.

"Mayi a Dolika, foni ija inali yomanga ndi mphira yofiira?"

"Eya."

"Ine ndimayesa kuti wina wa kumpingo kwawo anaitenga ngati cholowa. Sabata yatha wabwera kawiri, Lolemba ndi Lachinayi. Amafika dzuwa litangolowa. Salowa m'kati, amangopereka pawindo apa, ndipo nkhope sindinaionepo chifukwa amakokera mkanjo kumutu. Foniyo imakhala yozizira, pobayira tchaja pali dothi lofiira, mpaka ndimachotsa ndi kamtengo ka machesi. Amaima pansi pa bulugamu uyo kudikira. Ikangoyaka amaitenga, amadina kamodzi, n'kumapita."

"Amalowera kuti?"

A Biziwiki analoza ndi chibwano njira yotsikira kunkhalango ya kumanda.

Mukuganiza kuti Nankhoma anachita mantha. Thupi linachitadi tsembwe, koma mantha sanapeze malo okhala, chifukwa mkwiyo unali utadzaza kale. Munthu anakana chipatala ali moyo, wafa nacho chikanocho, ndipo akudzuka m'manda kudzakananso. Ndipo boma, ndi nzeru zake zonse, linapanga makina amene amamvera mtembo kuposa mkazi wamoyo amene waima pamaso pake ndi kalata m'manja.

Lachiwiri m'mawa anali pakhomo pa Mayi Gondwe chitseko chisanatsegulidwe.

"Tumizaninso."

"Mayi, uku n'komaliza," anatero kalalikiyo. "Makina salola kupitirira katatu. Ndipo satifiketi ikapanda kutuluka Lachisanu, pasipoti sipezeka mwezi uno. Ndalembera akuluakulu kumzinda, andiyankha kuti nkhani yanu ili pamzere."

"Si munati mizere inatha?"

Mayi Gondwe anangotumiza uthengawo.

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Nankhoma anadziwa kuti kafoni kaja sikasunga moto, ndipo popanda moto sikangayankhe. Anapempha a Biziwiki kuti masiku atatu amenewo azitseka dzuwa lili m'mwamba, iwo n'kuvomera mofulumira ngati ankangodikira wowauza. Kenako anayenda khomo ndi khomo, nyumba zonse zinayi za sola, kupempha kuti azichotsa mawaya pabatire madzulo. Awiri anamuseka koma anachita. Wachitatu anachita osaseka. Wachinayi anali mkulu wa mpingo wa mikanjo yoyera, a Nyirongo.

"Mlongo," anatero a Nyirongo, "mbale Barnaba sanafe. Wagona. Ngati akuuza boma kuti ali moyo, akunena zoona. Inu mukufuna kumunamizira kuti mupereke mwana ku mipeni ya anthu akunja?"

"Ngati agona, agone," anatero Nankhoma. "Wogona sayendayenda ndi tchaja. Mukafuna, siyani mawaya anu, adzagogoda pakhomo panu pano. Mudzawalandire nokha, mudzawapatse mpando."

Madzulo amenewo nyumba ya a Nyirongo inali yamdima ngati zinzake.

Kwake Nankhoma anachotsa kabatire kake ka nyale, anakakulunga m'thumba la feteleza, nakakankhira pansi pa bedi. Lachiwiri dzuwa litalowa, agalu a kumsika anayamba kulira, kenako a pakati pa mudzi, kenako a pafupi, ngati akupatsirana mlendo. Nankhoma anamva mapazi akuzungulira nyumba pang'onopang'ono, phazi lina likukhwekhwereza. A Kachingwe ankakhwekhwereza phazi lamanzere chiwagwereni njinga. Mapaziwo anazungulira katatu, n'kuleka.

Lachitatu m'mawa anapeza botolo la mankhwala a Dolika lili pakhonde, chikhalirecho anagona nalo kumutu. Mapiritsi onse anali atandandalikidwa padothi, mzere wowongoka, kuloza kudzala. Anawatola limodzilimodzi, akupukuta ndi chitenje, mano ali gwa. Madzulo ake mapazi anabweranso, ndipo ulendo uno anaima nthawi yaitali pawindo la kuchipinda kumene Dolika anagona.

"Amayi," anatero mwanayo m'mawa mwake, akumwa phala, "ababa akuti foni yawo yatha moto."

Nankhoma anaika supuni pansi. "Wawaona?"

"Ayi. Amangolankhula pawindo. Akuti batire ili pansi pa bedi, ndiwapatsire pawindo inu mukapita kumadzi. Akuti akuzizidwa." Mwanayo anapuma kaye, chifukwa mawu ambiri ankamutopetsa. "Akuti ndikapanda kupita ku India tidzikhala limodzi."

Dolika ankawakonda bambo ake. Ankamuimbira nyimbo za kumpingo akadwala, ankamusenza paphewa popita kokapemphera, ndipo mwana sadziwa kuti munthu womusenza angathenso kumupha ndi chikano. Ichi ndicho chinamupweteka kwambiri Nankhoma. Tsiku limenelo sanapite kumadzi. Anakhala pabedi, mapazi ali pathumba lija, dzuwa lonse.

Linali Lachinayi, madzulo omaliza. Chisisira chitagwa agalu sanalire. Nkhuku zinathawa pakhonde n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Mapazi sanazungulire, anabwera molunjika kukhomo. Ndiye kunamveka kugogoda, kawiri, ndi kakutsokomola kamene Nankhoma anakamva madzulo aliwonse kwa zaka khumi ndi zinayi, kotanthauza kuti tsegula, ndafika.

Dolika anadzuka pamphasa. "Ndi ababa."

"Gona."

"Amayi, akuzizidwa."

Kugogoda kunabwerezanso. Mpiringidzo unayamba kugwedera wokha. Dolika anali ataimirira, atagwira khoma, milomo yada, akulunjika kuchipinda kumene kunali batire. Nankhoma anamugwira, namukhazika pansi, namufunditsa chitenje. Kenako anapita kuchitseko, anachotsa mpiringidzo ndi manja ake, n'kutsegula.

Chimene anaona sananenepo bwinobwino. Amangoti panali choyera chitaima pamene khonde limathera, chachitali ngati mwamuna wake, ndi dzanja lotambasula. Fungo la dothi linalowa m'nyumba. Nkhope sanaiyang'ane. Anayang'ana dzanjalo, ndi kamphira kofiira.

"Bambo a Dolika," anatero, "ndimvereni, chifukwa simunandimverepo. A kumpingo kwanu anakunamizani. Pamaliro panu palibe anatchula mawu ake, aliyense amangoti mwagona. Amene wakuuzani ndi makina a boma okha, ndipo inu boma simunalikhulupirirepo. Tsono ndikuuzani ine. Munafa."

Mphepo inaleka. Choyeracho sichinasunthe.

"Munafa pa naini Febuluwale, Lachiwiri, nkhuku zisanalowe. Munafera pamphasa iyo, mutu wanu uli pamwendo panga. Anakuphani ndi malungo, amene mwana wa kwa Nyirongo anachira nawo mayi ake atamupatsa mapiritsi mobisa. Maso anu ndinatseka ndine. Chibwano ndinamanga ndine. Simunagone, bambo a Dolika. Munafa, ndipo munafa imfa yachabechabe."

Mawu ake anali atakwera, moti a nyumba zoyandikana anamva ali m'kati, zitseko atatseka.

"Ine munandikaniza zonse, ndinapirira. Msika ayi, kwathu ayi, kafoni ako nkomwe ayi. Koma uyu simumutenga. Mukuti mukuzizidwa? Mukufuna ndikakumbitse kadzenje kena pambali panu kuti muzifunda mwana wanga? Ngati munamukondadi, khalani chete tsiku limodzi lokha. Munthu wakufa sayankha mauthenga."

Kumbuyo kwake Dolika anayamba kulira, kulira kwake kopanda mphamvu kuja, kodukaduka chifukwa mpweya sunkakwana. Nankhoma akuti dzanja lija linatembenukira kumene kunkachokera kulirako, ndipo linakhala choncho nthawi yaitali, ngati munthu amene akumva chinthu koyamba. Kenako linatsika pang'onopang'ono. Iye anatembenuka kuti anyamule mwana, ndipo pocheuka pakhonde panalibe munthu.

Pansi, pakhomo penipeni, panali kafoni kaja. Kanaikidwa bwinobwino, osati kugwa.

Nankhoma anakayang'ana kaye. Kenako anawerama n'kukatola. Kanali kozizira, kodzaza dothi, koma galasi lake linali likuyakabe mofooka. Moto anaupeza kuti, palibe akudziwa. Ena amati a Nyirongo anabwezeretsa mawaya madzulo amenewo, ndipo iwo sanavomere kapena kukana. Pagalasipo panali uthenga wa boma uja, wotsegula kale: "Ngati muli moyo yankhani 1." Pansi pake, pamalo a yankho, panalibe chilichonse.

Moto unalipo wokwanira kudina kamodzi. Bambowo anafika nawo mpaka pakhomo, ndipo sanadine.

Kafoniko kanazima m'manja mwa Nankhoma.

Lachisanu m'mawa satifiketi inatuluka. Mayi Gondwe anaisindikiza, anaipereka ndi manja awiri, nati, "Pepani ndi maliro, mayi." Makinawo anatumizanso uthenga wothokoza Nankhoma chifukwa chogwiritsa ntchito njira yachangu ndi yosavuta, ndipo anamupempha kuti asankhe nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu. Zimene anayankha sindingazibwereze pano pali ana.

Pasipoti inafika kutatsala masiku awiri. Dolika anapita ku India, ndipo lero amathamanga mpaka kumsika osakhala pansi. Nkhuku zinayambanso kulowa m'khola, ndipo a Biziwiki anabwerera kutseka mochedwa, ngakhale windo lija analikhomera thabwa.

Asananyamuke ulendowo, Nankhoma anapempha chilolezo kwa amfumu, napita kumanda ndi adzukulu awiri masana dzuwa lili pamutu. Anakumba kadzenje kumutu kwa mtumbira ndi manja ake. Adzukuluwo akuti anagwira kafoni kaja nthawi yaitali asanakaike.

"Zaka khumi ndi zinayi," anatero. "Mpaka munthu achite kufa kuti andipatse foni m'manja. Mpaka achite kufa kuti amve mwana akulira."

Anakwirira, napondaponda dothi ndi chidendene, mwaukali ndithu. Atatha anakhala pansi pomwepo n'kulira maliro a mwamuna wake, amene mu Febuluwale sanawalire.

Chitsa chija chanyeka. Amene munazimitsa mafoni, yatsani tsopano, ndipo mukapeza uthenga wofunsa ngati muli moyo, yambani mwadzitsina musanayankhe.